Tsiku Limene Achimwene Anapulumutsidwa

Pulaniyo inabadwa Loweruka masana kuseri kwa nyumba yanga, pakati pa mabotolo a mowa ndi mpando wakale wa galimoto womwe achimwene anga amautcha ofesi.

Achimwenewo anthu amawaitana kuti Mapulani, osati chifukwa mapulani awo amatheka, koma chifukwa satha. Anagulitsapo mankhwala a nsikidzi omwe nsikidzi zinkanenepa nawo. Anatsegulapo sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto iwo alibe ndi njinga yomwe. Anabwera kudzakhala m'kachipinda kakuseri kwanga kwa milungu iwiri yokha, ndipo milungu iwiriyo yakwanitsa zaka zitatu.

Tsikulo anali ndi anzawo awiri. Panali Sipanala, kamunthu kowonda ngati waya, kodzitama kuti loko iliyonse ikakaona imatseguka yokha ndi mantha. Panalinso Chimtolo, chibambo chachikulu ngati kabati koma chamtima wa khanda, chimene ntchito yake m'gululo inali kubwereka galimoto kwa alamu ake ndi kuvomera zilizonse.

Ine ndinali m'bafa ndikuchapa, zenera lili lotsegula pang'ono. Sindikonda kumvetsera za eni, koma makutu alibe chitseko.

"Mafoni eyite, aise," anatero Mapulani akujambula pansi ndi chitsekero cha botolo. "Onse m'bokosi limodzi lachitsulo. Ana akafika ku msasa uja amawalanda mafoni, akuti aphunzire kuyang'ana mitengo. Bokosilo limakhala mu ofesi. Lamlungu la mawa lino ndi tsiku la makolo, ndipo onse, ana ndi alendo omwe, amakayenda m'nkhalango maola awiri. Mu ofesi mumatsala ndani?"

"Mlonda," anatero Sipanala.

"Mlonda amakhala pageti. Mumatsala buluzi."

"Nanga tikalowa bwanji, bigi?" anafunsa Chimtolo.

"Pageti, ngati anthu. Mwana wa mlongo wangayu ali konko. Ine ndine malume ake enieni. Iwe Sipanala ukakhala bambo wamng'ono. Iwe Chimtolo..." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Iwe ndiwe wa kubanja la bambo ake. Kumeneko onse ndi otere."

"Koma kubera ana, bigi, si tchimo lalikulu?"

"Tikuwathandiza. Mwana wopanda foni amakhoza mayeso. Ndiye ukuopa chiyani? Anthu oti sabata yonse akuphunzira kumanga mfundo za zingwe ndi kuimba nyimbo? Dilu iyi ndi yophweka ngati kulanda nthochi kwa nyani wakufa."

Anagunditsa mabotolo. Ine sopo anandipulumuka m'manja.

Zonsezo anazimva kwa ine ndemwe. Sabata yonse ndinakhala ndikudandaula m'nyumba kuti anthu a ku msasa amulanda mwana wanga foni, sindikudziwa ngati akudya, ngati akufunda, ngati kulibe njoka. Mwanayo ndi Kachete, woyamba wanga, wa zaka khumi ndi zinayi. Dzinalo analipeza chifukwa mawu ake ndi ochepa moti aphunzitsi ena ankamulemba kuti wajomba iye ali pa desiki yakutsogolo. Sukulu yake itamusankha kupita ku msasa wophunzitsa achinyamata utsogoleri, ndinaganiza kuti asokoneza mayina. Kenako kunabwera kalata yoti anzake amusankha kukhala mtsogoleri wa gulu lawo, pamodzi ndi khadi loitana achibale. Pansi pa khadilo panalembedwa kuti mwana aliyense ndiye mwini wa alendo ake, ndipo chomwe alendowo achite adzayankha ndi iyeyo.

Chibadwire, aka kanali koyamba kuti anthu amuone Kachete. Ndiye bokosi lisowe ndi amuna olowa pa dzina lake? Akanatchedwa mwana wa kwa akuba mpaka kukalamba, ndipo pakamwa pomwe panayamba kutsegukapo pakanatsekekanso.

Madzulo ndinawapeza achimwene akupukuta nsapato.

"Achimwene, ndamva."

"Wamva chiyani?"

"Za bokosi."

"Ndi sewero limenelo, iwe. Chimtolo akufuna kulowa za mafilimu. Vuto lako umada nkhawa ndi mphepo yomwe."

M'mawa mwake khadi lija linali litasowa pa chitseko cha filiji. Ndinaganiza za apolisi, kenako ndinaganiza za amayi athu ndi kuthamanga kwa magazi kwawo, chifukwa Mapulani ndiye mwana wawo wamwamuna yekha. Ndinagwirizana ndi mtima wanga kuti sindiuza munthu. Ndikangowamatirira tsiku lonse ngati chingamu cha pansi pa nsapato.

Tinafika pamodzi pa galimoto ya alamu ake a Chimtolo. Atatuwo anavala zakuda zokhazokha, kuti asaoneke.

Pageti panali tebulo, mlonda, ndi mayi woyang'anira msasa, amene ana amamutcha Mayi Wenzulo. Pambali pawo panali bokosi lija, lotsegula kukamwa.

"Takulandirani," anatero Mayi Wenzulo. "Zam'matumba zonse muno. Mafoni, makiyi, mipeni, chilichonse chomwe chingatayike m'nkhalango kapena kubaya munthu. Mudzatenga potuluka."

Chimtolo anaponyamo kiyi wa galimoto mayiwo asanamalize n'komwe kulankhula. Sipanala anayamba kutulutsa zam'jekete lake: sikuludiraiva, pulayasi, timawaya, kasupa ka mafuta, nyundo yaing'ono. Mlonda anayang'ana muluwo nthawi yaitali.

"Bambo aang'ono ndi okonza mawailesi," anatero Mapulani. "Kulikonse amayenda akuganizira mawailesi awo odwala."

Zonse zinalowa m'bokosi, loko inati khe, anyamata awiri analinyamula kupita nalo ku ofesi.

"Mwaona?" ananong'oneza Mapulani. "Ationetsa okha pomwe limakhala. Zonse zikuyenda monga mwa pulani."

Kenako Mayi Wenzulo anatipatsa aliyense chovala cha olenji chowala, chopanda manja, chonga cha anthu okonza misewu, chokhala ndi nambala yaikulu kumsana. Ine naintini, Mapulani twente, Sipanala twente wani, Chimtolo twente thu. Cha Chimtolo chinakana kutsekeka pamimba.

Kachete anabwera kudzatilandira, wenzulo ali m'khosi, atada ndi dzuwa, bondo lili ndi pulasitala. Ndinafuna kufunsa za pulasitalayo koma anandiyang'ana ndi maso oti amayi, osati pano. Anapereka moni kwa amalume ake, kenako anayang'ana awiri enawo.

"Awa sindikuwadziwa."

"Unali wamng'ono," anatero Mapulani. "Uyu anakunyamulapo."

Kachete analemba kanthu m'kabuku kake. "Malamulo ndi awiri," anatero, ndipo ndinadabwa kuti ndinamumva bwinobwino ndili pa mtunda wa mapazi asanu. "Aliyense ayende ndi mnzake, osasiyana. Ndikaimba wenzulo kamodzi, tiima pamzere ndipo aliyense atchule nambala yake."

Ndinakolowetsa mkono wanga mu mkono wa achimwene.

"Undithyola," anatero.

"Ndi chikondi."

M'mawa wonse ana anatiphunzitsa zomwe anaphunzira. Anationetsa kusefa madzi ndi mchenga ndi makala. Anatiyendetsa titamangidwa m'maso, ndipo Mapulani anagunda mtengo womwewo kawiri chifukwa sankafuna kumvera mwana. Kenako panabwera sewero lodzigwetsa chagada: munthu amaima pamwamba pa mgolo, n'kudziponya kumbuyo, anzake n'kumuwakha ndi manja. Sipanala anakana, nati ali ndi msana wa ntchito. Chimtolo anakwera, mgolo ukudandaula. Ine ndinayamba kale kuganiza kuti chipatala chili kutali bwanji. Ana khumi ndi awiri anaima m'mizere iwiri, nalukana manja.

"Tili okonzeka, a twente thu," anatero Kachete. "Igwani."

Chimtolo anagwa ngati khoma. Anamuwakha. Anakhala m'manja mwawo akuyang'ana kumwamba.

"Chibadwire palibe munthu anandiwakhapo," anatero, misozi ikulowa m'makutu.

"Dzuka iwe, tili pa ntchito," anatero Mapulani kudzera m'mano.

Titadya, magulu onse analowa m'nkhalango. Ndinagwira mkono wa achimwene mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Ndinawamva akunong'oneza Chimtolo kuti Kachete akaimba wenzulo iye ayankhe manambala onse atatu, koma sindinade nkhawa, chifukwa munthu ali m'manja mwanga akanapita kuti?

Tinafika pa kamtsinje pomwe panali mtengo wopingasa m'malo mwa mlatho, ndi chingwe chimodzi chogwirira. Mtsogoleri ndiye amayamba kuwoloka. Kachete anakwera pa mtengowo, pansi pali miyala, nsapato zake zili zonyowa. Pakatikati phazi linaterereka pang'ono. Manja anga onse awiri anathamangira kukamwa.

Anawoloka bwinobwino. Nditatembenuka, pambali panga panali mpweya wokhawokha. Sipanala nayenso kunalibe.

Ndikanatha kukuwa pomwepo. Sindinatero. Ndinaima ngati chitsa, ndikupemphera kuti asochere n'kubwerera okha.

Tonse titawoloka, wenzulo inalira kamodzi. Manambala anayenda mpaka kwa ine.

"Naintini," ndinatero.

"Twente," anatero Chimtolo ndi mawu okhuthala, atatembenukira kumanzere. "Twente wani," anateronso atatembenukira kumanja, ndi mawu a nkhuku yogwidwa pakhosi. Kenako anaima njo. "Twente thu. Zikomo."

Koma Kachete sawerenga ndi makutu okha. Anayenda pamzere akugwira phewa la aliyense, nafika pa ine.

"Amayi, amene mumayenda nawo ali kuti?"

"Mwina apita kukadzithandiza."

"Munawaona akupita?"

"Ayi."

Anaika wenzulo pakamwa naimba katatu, mwamphamvu moti mbalame zinabalalika. Kutali gulu lina linayankha katatu, kenako lina, kenako lina.

Sindinaonepo ana atakondwa chotero. Sabata yonse anakhala akuphunzira kufunafuna munthu wosowa, koma wosowayo ankakhala thumba la utuchi lovekedwa jekete. Lero Mulungu anawapatsa anthu enieni awiri. Pasanathe mphindi zisanu ana eyite anali ataima mzere umodzi wautali, wina kutalikirana ndi mnzake mikono iwiri, makolo tili kumbuyo kwawo. Ena ananyamula machira, ena zikwama za mabandeji. Popeza osowawo anali a gulu la Kachete, Mayi Wenzulo anati iye ndiye atsogolere. Mzerewo unayamba kupesa nkhalango ngati chipeso m'mutu mwa mwana wa nsabwe.

Zomwe zinkachitika kutsogoloko ndinazimva pambuyo pake kwa Sipanala, amene anafotokozera apolisi zonse asanamufunse n'komwe. Choyamba iye ndi achimwene anasochera, chifukwa onse ndi ana a m'tauni ndipo mitengo ilibe zikwangwani. Atapeza ofesi, chitseko sichinali chokiya, koma shasha sagwira chogwirira ngati munthu wamba. Sipanala anatola kawaya, nagwada, nayamba kutokosa. Patapita mphindi khumi loko inati khe. Anali atakiya chitsekocho. Panafunika mphindi zina khumi kuti achitsegulenso.

Bokosi analipeza, lolemera ngati maliro, chifukwa tsopano munalinso mafoni a makolo onse.

"Tsegula," anatero Mapulani.

"Ndi chiyani? Zida zanga zili m'katimu."

"Ndiye tilikweze m'galimoto."

"Kiyi alinso m'katimu."

"Tiimbire Chimtolo."

Sipanala anangoyang'ana bokosilo.

Analinyamula wina uku wina uko, kulunjika ku mpanda wakuseri, atavala zowala zija zomwe munthu angazione ali m'ndege. Asanafike pampandapo, tchire lonse linatseguka, ndipo munatuluka ana eyite.

Apa ndiyenera kuwayamikira achimwene, mutu wawo umathamanga, kungoti umathamangira kuphompho. Anasiya bokosi, nadziponya pansi atagwira mwendo.

"Akuba," anabuula. "Tinawaona akuthawa ndi bokosi, tinawathamangitsa. Andithyola mwendo. Musade nkhawa ndi ine, ana anga, thamangirani uko, sanapite patali."

Palibe anathamanga. Lamulo lawo limati wovulala sasiyidwa.

"Musasunthe, a twente," anatero Kachete atagwada pambali pawo. "Mwendo uti?"

"Wamanzere."

Mtsikana wina anagwira wamanja kuti auwongole, ndipo achimwene, pofuna kukometsa sewero, anakuwa.

"Yonse iwiri," anatero Kachete. "Bweretsani matabwa anayi. Munagwa chagada?"

"Kwambiri."

"Ndiye khosi ndi msana sizikuyenera kugwedezeka."

Manja anagwira ntchito ngati nyerere. Matabwa mbali zonse za miyendo, bandeji, mfundo. Thaulo lopinda kuzungulira khosi, mfundo. Anawakweza pa machira, nawamanga pachifuwa, m'chiuno, m'mawondo ndi pamphumi. Mfundo zija ankazinyoza Loweruka anazilawa zonse, imodzi ndi imodzi. Pomaliza chomwe chinkayenda pa thupi lawo ndi maso okha.

Sipanala anayesa kubwerera chambuyo. Mnyamata wina anamufunsa chifukwa chake akutuluka thukuta chotero. Anati akumva chizungulire pang'ono chabe. Anamugoneka pansi, namukulunga m'bulangete ngati mkeka, nakweza miyendo yake pa bokosi lomwelo, atsikana awiri atagwira m'mphepete kuti asazizidwe.

Wovulala aliyense amafunsidwa payekha zomwe zachitika, n'kulembedwa pa khadi. Mayi Wenzulo atafika, anawerenga makhadi awiriwo mokweza. Pa khadi la a twente akubawo anali asanu, a zikwanje. Pa khadi la a twente wani anali mmodzi, wamfupi, ndi galu.

"A twente thu," anatero Mayi Wenzulo potembenukira kwa Chimtolo, amene anali atagwira kale kutsogolo kwa machira. "Inu mumayenda ndi bambo ali m'bulangetewa. Mukudziwapo chiyani?"

Chimtolo anayang'ana ana omwe anamuwakha m'mawa.

"Ine ndinangobwera kudzayendetsa galimoto, mayi. Ndipo si ine wa kubanja la bambo ake. Sindikuwadziwa n'komwe bambo akewo."

Mlonda anapita kukaimbira apolisi.

Ndinali pafupi ndi machira, choncho ndinamva achimwene akunong'oneza.

"Kachete, mwana wa mlongo wanga, tamasula kamfundo aka kokha. Ndine malume ako. Ndikamangidwa ine, manyazi ndi ako. Anzakowa azidzati chiyani?"

Ndivomere kuti nanenso mtima wanga unkanena zomwezo. Amasule, athawe, nkhani izizirire.

"Alendo awa ndi a ndani?" anafunsa Mayi Wenzulo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi anga, mwanayu alibe mlandu. Kachete anandipitirira. Anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo.

"Ndi anga, mayi. Ndinalandira anayi. Awiri anasowa pa kamtsinje, tawapeza onse ali ndi bokosi la msasa. Awa ndi amalume anga enieni. Enawa ndinawakaikira pageti pomwe, ndinalemba m'kabuku, koma sindinakuuzeni. Pamenepo ndinalakwa ndine."

Anawerama, nakoka lamba wa pachifuwa cha amalume ake kuti alimbe bwino.

Mayi Wenzulo analoza bokosi lija. "Bokosi latsegulidwa?"

"Ayi."

"Wina wavulala?"

"Akuti avulala."

"Chabwino. Za kabukuko tikambirana mawa. Pitiriza, gulu likadali lako."

Mnyamata wina anayamba kuomba m'manja, ena natsatira. Kachete sanamwetulire. Anabwera pomwe ndinaima, nalankhula motsitsa, ndi mawu ake akale aja.

"Amayi, munkadziwa?"

"Ndinamva pang'ono. Ndimati ndiwayang'anira ndekha, kuti iwe usavutike."

"Ndiye atasowa simunanene bwanji?"

Ndinayang'ana pulasitala ya pabondo lake.

Apolisi anafika awiri. Chimtolo anakwera yekha kumbuyo kwa galimoto yawo, nathandiza kukweza Sipanala ndi bulangete lake lomwe. Wapolisi wamkulu anazungulira machira kawiri, unyolo uli m'manja, akusowa pougwiritsa. Anayesa mfundo imodzi ndi zala, kenako ndi mano.

"Wamanga izi ndani? Tabwera udzamasule, mwana iwe, aziyenda yekha munthuyu."

"Sindingathe, bambo," anatero Kachete. "Anena okha kuti athyoka miyendo yonse ndi msana. Wovulala samasulidwa asanaonedwe ndi dokotala."

"Ndachira," anatero achimwene. "Bwana, ndachira. Sindinavulale n'komwe."

"Zimenezo mukanene kutsogolo," anatero wapolisiyo. "Machirawa tibweza mawa, mayi."

Anawakweza chomwecho, chagada, akuyang'ana mitambo. Galimoto ikunyamuka ndinawamva akupempha Chimtolo kuti awakande pamphuno.

Ndinatsatira galimotoyo pang'ono, ndikuganiza zomwe ndikawauze amayi athu. Kumbuyo kwanga wenzulo inalira kamodzi. Gulu la olenji linali litaima kale, pali mpata umodzi pomwe ndimayenera kukhala ine.

"A naintini," anatero mwana wanga, msasa wonse ukumva, "bwererani pamzere."

Ndinabwerera.